Zodzola za ku France: ndilembe chiyani pa nkhope yakuda yochita ziphuphu?

mayi_wa_awiri

Moni nonse. Alamu anga akupita ku Paris mwezi wamawa ndipo ati ndiwalembere zoti akandigulire ku famase za kumeneko. Pa TikTok ndi pa Facebook aliyense akungotama zodzola za ku France, wina akuti madzi a micellar, wina madzi opopera kumaso, wina mafuta otchedwa A313. Ine mutu waima.

Nkhope yanga ndi yakuda, imachita mafuta pamphumi ndi pamphuno, koma m'masaya imatuwa nthawi yozizira. Chiphuphu chilichonse chikapola chimasiya banga lakuda lomwe limakhala miyezi. Panopa ndimasamba kumaso ndi sopo wamtanda m'mawa ndi madzulo, ndipo kawiri pa sabata ndimakhula ndi shuga wothira ndimu. Madzi athu ndi a pamjigo. Tsitsi ndi lachilengedwe, nthawi zambiri limakhala loluka. Kodi njira ya ku France imene imatchukayi ndi yotani kwenikweni, ndipo ndi ziti zoyenera kutayirapo ndalama? Sutikesi ndi ya eni ake, malo ndi ochepa.

za_khungu

Achemwali, musanalembe dzina la mafuta alionse, siyani kaye shuga ndi ndimuyo. Ndi zimene zikudetsa mabangawo. Shuga amakanda khungu, ndimu ndi wowawasa kwambiri moti amapsereza, ndipo madzi ake akatsalira pankhope n'kuombedwa dzuwa amatha kuwaula malowo. Khungu lakuda likakandika kapena kupsa limayankha popanga mtundu wochuluka pamalo omwewo. Ndiye mukakhula kuti banga lichoke, mukuliwonjezera inki.

Njira ya ku France yagona pamenepa: osalimbana ndi khungu. Zinthu zochepa, zofatsa, tsiku ndi tsiku. Ili ndi pochokera. Madzi a pampopi ku Paris ali ndi kashiamu wambiri, eni ake amati calcaire, zoyera zija zimamatirira m'ketulo. Madzi otere akakumana ndi sopo amasiya zotsalira pakhungu, nkhope n'kumakoka ngati yachepa. Chachiwiri, kumeneko zodzola za khungu lovuta zimagulidwa ku famase, pa chikwangwani cha mtanda wobiriwira, ndipo wogulitsa amayamba wafunsa za khungu lanu. Mayina ambiri amene mukuwamvawo ndi a malo okhala ndi akasupe kumene odwala khungu amapita kukalandira chithandizo: La Roche-Posay, Avène, Uriage, Vichy. Choncho zinthu zake zambiri anazipangira khungu losachedwa kuyabwa. Ngati madzi a pamjigo wanu amavuta kuchita thovu ndipo ketulo imayera mkati, vuto lanu ndi la ku Paris ndi limodzi.

Tiyambe ndi kusamba. Khungu la munthu limakhala lowawasa pang'ono, pH yake (muyezo wa kuwawasa, nambala ikatsika kuwawasa kumakula) ili cha pa 5. Sopo wamtanda ali pa 9 kapena 10. Amachotsa litsiro limodzi ndi mafuta amene amamata timaselo ta pamwamba pa khungu, ndiye masaya amauma, mphumi n'kumangonyezimirabe. Alamu anu akayang'ane chosambira cholembedwa kuti sans savon kapena syndet, kutanthauza chosambira chopanda sopo weniweni. Pa nkhope ngati yanu, Effaclar ya La Roche-Posay kapena Cleanance ya Avène, zonse za jelo, zimakwana madzulo. Kadontho kofanana ndi nyemba imodzi, mupake pankhope yonyowa kwa theka la mphindi ndi nsonga za zala, mutsuke ndi madzi ofunda pang'ono, mupukute mosindikiza ndi kathaulo ka nkhope yokha. Masaya akamakokabe mukatha kusamba, jeloyo yakula mphamvu. Muzipaka pamphumi, pamphuno ndi pachibwano pokha.

Madzi a micellar. Otchuka kwambiri ndi a Bioderma a chivindikiro cha pinki, omwe anatuluka mu 1995. Kunja kuno amalembedwa Sensibio H2O koma ku France kwenikweniko botolo lomwelo limalembedwa Créaline H2O, ndiye muwauze alamu anu asazungulire famase yonse kufunafuna dzina lina. A chivindikiro chobiriwira, Sébium, ndi a khungu la mafuta. M'madzimo muli tizinthu tosambitsa tochepa kwambiri tomwe timaunjikana timagulu, mkati mwake n'kumakola mafuta ndi zophoda. Kagwiritsidwe kake ndi komwe anthu amaphonya. Thonje linyowe ndithu, osati kungodonthezera. Muliike pamalopo, muwerenge mpaka teni, kenako mukoke pang'onopang'ono kupita kunja. Musinthe thonje mpaka lomaliza lituluke loyera. Mukatikita ndi thonje louma theka, mwabwerera ku shuga uja. Pabotolo amalemba kuti palibe chifukwa chotsukira, koma pa khungu losachedwa kuyabwa ndi bwino kutsukako, chifukwa zosambitsa zogona pankhope usiku wonse zimaumitsa. M'mawa safunika n'komwe: madzi okha akwana, kupatula miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene munthu amadzuka ali thukuta lokhalokha.

Madzi opopera aja musawalembe. Amaziziritsa bwino khungu lotentha, koma ndi madzi ndithu, ndipo chitini cha 300 ml chidya malo a zinthu ziwiri zofunika. Amene ali nawo kale: popera, dikira mphindi ziwiri, sindikiza ndi tishu, dzola mafuta. Mukawasiya aume okha, pouma amatenga ndi chinyezi cha khungu lomwe.

Mafuta odzola. Apa nkhope yanu ili pawiri ndiye muisamale pawiri. Pamphumi ndi pamphuno mafuta opepuka olembedwa fluide kapena légère, komanso non comédogène, kutanthauza osatseka timabowo ta pakhungu. M'masaya, mu Juni ndi Julayi, olemererapo olembedwa riche. Dzolani khungu lidakali lachinyezi, pasanathe mphindi zitatu mutasamba. Mudzamva zambiri za Embryolisse Lait-Crème Concentré, mafuta a mu 1950 omwe ophoda anthu amawakonda chifukwa zophoda zimakhala bwino pamwamba pake. Muli batala wa shea ndi phula la njuchi, muli fungo. Pa masaya ouma ndi abwino, pa mphumi ya ziphuphu ndi olemera.

Chimene ndingalembe mosakayika ndi kachubu ka Cicaplast Baume B5 ya La Roche-Posay kapena Cicalfate ya Avène. Awa ndi mafuta opoletsa khungu lokwiya. Cicaplast ili ndi panthenol 5%. Mupake pang'ono usiku pamalo amene chiphuphu changophwa kapena pamene pasupuka, kwa masiku angapo. Malo akapola msanga osatupa nthawi yaitali, banga lake limakhala lochepa. Amasiya kuyera pakhungu lakuda, n'chifukwa chake ndi a usiku.

Pa ziphuphu zenizenizo, Effaclar Duo yogulitsidwa ku Ulaya ili ndi niacinamide ndi asidi wa salicylic, ilibe benzoyl peroxide ngati imene inkagulitsidwa ndi dzina lomweli ku America, choncho musadabwe zikasiyana ndi zimene mwaona pa intaneti. Imathandiza tiziphuphu tating'ono. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka za m'chibwano zimafuna dokotala, mafuta a m'shelefu sazitha.

mlongo_wa_ku_joni

Zonse zanenedwazo n'zoona, koma chachikulu chatsala, ndipo ngati ndalama ndi ya chinthu chimodzi chokha ikhale ya chimenechi: mafuta oteteza ku dzuwa. Mabanga anu amada nthawi iliyonse imene aombedwa dzuwa. Mungadzole chilichonse usiku, masana dzuwa limabweza. Zoti khungu lakuda silifuna chitetezo zimachokera poti silipsa msanga, koma kupsa ndi kuda kwa mabanga ndi nkhani ziwiri. Dzuwa lili ndi kuwala kosaoneka ndi maso kwa mitundu iwiri, UVB ndi UVA. Kwa UVB ndi kumene kumapsereza. UVA imalowa mkati, imadutsa mitambo ndi galasi la zenera, ndipo imadzutsa timaselo topanga mtundu.

Apa ndi pamene France ilidi patsogolo. Kampani ya L'Oréal, mwini wa La Roche-Posay ndi Vichy, ili ndi zotchingira dzuwa zakezake zotchedwa Mexoryl, ndipo yaposachedwa, Mexoryl 400, ili mu Anthelios UVMune 400 ya La Roche-Posay yomwe inatuluka mu 2022. Mtundu wolembedwa Fluide Invisible ndi wamadzimadzi ndipo sutuwitsa nkhope yakuda. Muli mowa kuti uume msanga, choncho pa khungu lomwe lakhulidwa ndi ndimu ukhoza kuluma masiku oyamba. Yambani mwapoletsa khungu kwa sabata imodzi. Kutuwa kuja kumene kumachititsa munthu kuoneka ngati wagwera m'phulusa kumachokera ku zinc oxide ndi titanium dioxide, ndiye zolembedwa minéral muzipewe.

Powerenga chubu: ku Ulaya nambala ya SPF (muyezo wa chitetezo ku kupsa ndi dzuwa) yaikulu yololedwa kulemba ndi 50+. Yang'anani zilembo UVA zozunguliridwa ndi kabwalo. Kabwaloko kakutanthauza kuti chitetezo cha UVA ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala ya SPF, kapena kuposa.

Muyezo ndi umene umagwetsa anthu. Nambala ya pachubu anaiyeza atapaka mamiligalamu 2 pa kamalo kalikonse ka khungu ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kwa ife, ndi mizere iwiri yodzaza, kuchokera patsinde mpaka kunsonga ya chala cholozera ndi chapakati, ya nkhope yokha. Khosi ndi makutu zifuna wina. Mukapaka theka, chitetezo chimatsika kwambiri. Botolo la 50 ml liyenera kutha m'mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Likakutherani miyezi isanu ndi umodzi, dziwani kuti simunali kudzola. Gwedezani botolo, pakani pomaliza pa zodzola zonse za m'mawa, dikirani mphindi khumi ndi zisanu musanatuluke. Wokhala panja abwereze pakatha maola awiri, kapena akatuluka thukuta kwambiri. Chipewa ndi ambulera zimathandiza kuti botolo lisathe msanga. Ndipo musalisiye m'galimoto yoima padzuwa.

Kuwala kooneka ndi maso nakonso kumadetsa khungu lakuda, ndipo kumatchingidwa ndi utoto wa iron oxide. Mafuta a dzuwa okhala ndi mtundu ali nawo, koma mitundu yambiri ya m'mafamase a ku France ndi yoyererapo, pa inu idzaoneka yotuwa kapena ya olenji. Bola mudzole wopanda mtundu, pamwamba n'kuika faundeshoni yanu yomwe imakukhalani. Pa mndandanda wa zosakaniza, iron oxide amalembedwa CI 77491, CI 77492 ndi CI 77499.

Chenjezo lina, poti nkhani ya mabanga imakokera anthu ku mafuta oyeretsa. Kulembedwa Chifulenchi pabotolo, kapena mawu oti Paris pansi pa dzina, sikutanthauza kuti chinthucho chachokera ku France. Mayiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa amalankhula Chifulenchi, ndipo mafuta oyeretsa ambiri a m'misika yathu amalembedwa m'chinenerocho: éclaircissant, teint clair. Ku Ulaya mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone ndi oletsedwa m'zodzola za khungu kuyambira mu 2001, ndipo mankhwala ngati clobetasol ndi betamethasone ndi a dokotala, a matenda, a masiku owerengeka. Mafuta oyeretsa munthu m'sabata ziwiri amakhala ndi chimodzi mwa zimenezi, kapena mekyule, ngakhale asalembe. Mapeto ake timawaona: khungu lopyapyala looneka mitsempha, mizere yong'ambika m'mikono, ziphuphu zofanana kukula mphumi yonse, mfundo za zala zakuda bii, ndi mabanga otuwira m'masaya omwe sachokanso. Amene wawadzola nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha, apite kuchipatala amuchepetsere pang'onopang'ono.

Katundu weniweni wa ku Ulaya amakhala ndi dzina ndi adiresi ya kampani, nambala ya gulu limene anapangidwira yosindikizidwa pamsoko wa chubu kapena pansi pa botolo, mndandanda wonse wa zosakaniza, ndi kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, miyezi imene chinthucho chimakhala bwino mukachitsegula. Zikadzatha za ku Paris, mayina omwewa amapezeka ku Clicks ndi Dis-Chem ku South Africa ndi ku Boots ku Britain.

wa_pa_saluni

Ine ndigwire za tsitsi ndi zophoda, poti apa ndi pamene kutengera kumavulaza.

Tsitsi lovundukuka pang'ono la akazi a ku Paris limadalira kumeta bwino, kulisiya liume lokha ndi shampu wouma, uja wa Klorane wopopera. Shampu wouma ndi ufa woyamwa mafuta. Pa tsitsi loongoka, mafuta a m'mutu amatsetsereka msanga mpaka kunsonga, tsiku lachiwiri layamba kale kumata, ndiye ufawo umathandiza. Pa tsitsi lathu lopotana mafutawo satsika, amakhala pakhungu la m'mutu, nsonga n'kumauma. Mukapopera ufa mupeza zoyera m'mizere ya malukidwe ndi tsitsi lothothoka. Musalembe.

Chotengako ndi ichi: iwo amaona khungu la m'mutu ngati nkhope yomwe, limatsukidwa ndi kuchiritsidwa, silimatidwa mafuta. Ndipo achemwali, ziphuphu zanu zapamphumi zikhoza kukhala zochokera ku mafuta a tsitsi. Ngati zili tizing'onoting'ono, zondondozana m'mphepete mwa tsitsi ndi m'mbali mwa makutu, ganizirani mafuta olemera aja ndi jelo yogonekera tsitsi la m'mphepete. Thukuta limazitsitsira kumaso, duku ndi pilo n'kuzibwezera usiku. Mafuta azipita ku tsitsi, kuyambira chala chimodzi kuchokera pakhungu, ndipo duku logonera lizichapidwa sabata iliyonse.

Tsitsi loluka litsukidwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Sungunulani shampu gawo limodzi m'madzi magawo atatu m'kabotolo ka mlomo wosongoka, thirani m'mizere, sisitani ndi nsonga za zala osati zikhadabo, tsukani nthawi yaitali kuposa mmene mukuganizira, ndipo liume lonse tsiku lomwelo. Loluka logona ndi chinyezi limanunkha chuku ndipo limayabwa. Lisapitirire masabata asanu ndi atatu, ndipo likamakoka mpaka kutulutsa tizilonda m'mphepete, masulani. Tsitsi la m'mphepete likathothoka kwa zaka silimeranso.

Mukamasula, chitani zimene iwo amati bain d'huile: kupaka mafuta musanatsuke, osati mutatsuka. Mafuta a kokonati supuni ziwiri, gawani tsitsi panayi, pakani kuchokera pakati mpaka kunsonga, valani kapulasitiki theka la ola, kenako shampu. Tsitsi silifufuma kwambiri ndi madzi ndipo siliduka popesa. Pa madzi a pamjigo aja, chizolowezi chawo chakale cha viniga chimagwira: supuni yaikulu imodzi m'madzi theka la lita, kuthira pomaliza, kudikira mphindi imodzi, kutsukako pang'ono. Kamodzi pa masabata awiri basi, ndipo osati pamutu wa zilonda kapena wongothiridwa mankhwala oongola.

Ngati muli ndi mfundu wamafuta woyabwa, lembani Kelual DS ya Ducray. Imafuna kukhala m'mutu mphindi zitatu musanatsuke, apo ayi mwangotaya. Mfundu wotere umabwera ndi kafangasi komwe kamadya mafuta, ndiye kuthira mafuta a olivi m'mutu kuti mfundu uthe ndi kukadyetsa.

Zophoda, mwachidule. Iwo saphimba nkhope yonse. Amaika chophimbira pabanga lenilenilo ndi kaburashi kakang'ono kapena chala, kusindikiza osati kupaka, kwina konse khungu n'kumaoneka. Pa banga lakuda kwambiri, kadontho ka olenji kaye, kenako mtundu wa khungu lanu, apo ayi banga limaoneka lotuwa. Paudala pamphumi ndi pamphuno pokha. Kenako chinthu chimodzi cholimba, kawirikawiri milomo yofiira, maso n'kuwasiya. Lipisitiki amaisindikiza ndi chala, kupsompsona tishu, kubwerezanso. Imakhalitsa ndipo siioneka ngati penti. Pa milomo yathu yomwe imakhala yakuda m'mphepete, zungulizani kaye ndi pensulo ya bulauni, ndipo zofiira zopendekera ku vinyo zimakhala bwino kuposa zopendekera ku olenji wowala. Touche Éclat ya Yves Saint Laurent, ya mu 1992, ndi yowalitsira pansi pa maso, siphimba mabanga. Ndipo faundeshoni musatume munthu. Mtundu umayesedwa pachibwano chanu, panja, masana.

mayi_wa_awiri

Zikomo kwambiri nonse, shuga wabwerera mu tiyi. Nditsale ndi ziwiri: A313 uja palibe wamutchula, nanga sopo wa ku Marseille amene amati ndi wachilengedwe? Ndipo zikafika ndiyambe zonse tsiku limodzi?

za_khungu

Sopo wa ku Marseille ndi sopo weniweni, wophikidwa m'mikhate ikuluikulu kuchokera ku mafuta a zomera, ndipo pamtanda wake amadinda 72%, kuchuluka kwa mafutawo. Malamulo a kapangidwe kake ndi a mu 1688, nthawi ya mfumu Louis XIV. Mbiri yabwino, koma pH yake ndi yomweyo ya sopo amene mukusiya. Ngwabwino kuchapira zovala ndi kusamba m'manja. Kumaso ayi.

A313 ndi mafuta olemera okhala ndi vitamini A wa mtundu wa retinyl palmitate. Pa intaneti amamufanizira ndi tretinoin, mankhwala amphamvu a dokotala a m'banja lomwelo la vitamini A, koma ngwofooka kutali. Amamata ngati Vaseline, ndipo akapakidwa pakhungu lonyowa amayabwa koopsa. Pa mphumi ya mafuta sindingamusankhe. Pa ziphuphu ndi mabanga pamodzi, adapalene 0.1% kapena asidi wa azelaic ndi zimene zimagwira bwino, ndipo adapalene ku France amafuna kalata ya dokotala, choncho mufunse kuchipatala konkuno. Chilichonse cha m'banja la vitamini A, monga A313 ndi adapalene, n'choletsedwa kwa woyembekezera kapena amene akufuna mimba. Biafine nayenso, ngati wina wakuuzani, ndi mankhwala a kupsa kwa pamwamba, si odzola tsiku lililonse.

Musayambe zonse pamodzi, chifukwa chimodzi chikakukanani simudzadziwa kuti ndi chiti. Masabata awiri oyamba: chosambira, mafuta odzola, Cicaplast pomwe papsa, ndipo pakatha sabata imodzi muonjezere mafuta a dzuwa. Chatsopano chilichonse muyese kaye kuseri kwa khutu kapena pansi pa chibwano masiku atatu otsatizana. Sabata yachitatu ndi pamene Effaclar Duo ilowe, usiku umodzi n'kudumpha umodzi, muyezo wa nsawawa imodzi nkhope yonse, kupewa m'mbali mwa mphuno ndi milomo. Kulumaluma kwa mphindi imodzi si vuto. Kutentha kosatha, kusupuka kapena kutupa ndiye kuti muime, mubwerere ku zitatu zoyamba mpaka kukhale bata.

Ziphuphu muziweruze pakatha masabata 8 mpaka 12, mabanga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ena ozama amapitirira. Jambulani nkhope tsiku loyamba pafupi ndi zenera, m'mawa, musanadzole kanthu, ndipo mubwereze mwezi uliwonse pamalo omwewo, chifukwa pagalasi la tsiku ndi tsiku kusinthako sikuoneka.

Alamu anu muwalembere chonchi: Anthelios atatu, jelo yosambira imodzi yaikulu, mafuta opepuka amodzi, Cicaplast ya 40 ml, Effaclar Duo imodzi, ndipo Créaline pokhapokha ngati mumaphoda masiku ambiri. Mabotolo opitirira 100 ml alowe m'sutikesi yaikulu, atamatidwa tepi pachivindikiro ndi kuikidwa m'jumbo yakeyake.